Mkute Si Chakudya cha Mphaka

 Nkhani yathu lero ndi ya mphaka, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka chamumtima. Chimanga chikukwera mtengo, lendi ikudikira, ana akufuna fizi, munthu n'kuima pagulu kukamba za chakudya cha mphaka? Funsolo ndi loyenera, ndipo ndiliyankha tisanabalalike. Koma tiyambe ndi zimene tonse tikuziona. M'Kaliyeka muno, ku Kawale, ku Chilinde, ku Biwi ndi ku Area 23 amphaka alipo ambiri, ndipo ambiri a iwo sanabwere pakhomo kudzakongoletsa, anabwera kudzagwira ntchito. Mwini okala anapempha kamphaka chifukwa makoswe ankaboola mapaketi a shuga ndi kudya sopo. Mayi amene waunjika kuchipinda matumba a chimanga chochokera kumudzi anapempha kamphaka chifukwa usiku kudenga kunali mpikisano. Nanga wantchito ameneyu timamupatsa chiyani? Kawirikawiri ndi mkute wonyika mu msuzi, woikidwa pa chivundikiro cha poto kuseri kwa nyumba, tsiku limene wina wakumbukira. Mfundo yanga ndi imodzi: mphaka azidyetsedwa tsiku ndi tsiku chakudya chochokera ku nyama kapena nsomba, chochepa ndiponso choyeza, ndipo chotiuza ngati tikumudyetsa bwino ndi nthiti zake, osati kulira kwake.

Thupi lake lenilenilo ndilo mboni yoyamba. Kholo la mphaka wapakhomo ndi vumbwe wa kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East, m'bale wake wa vumbwe uja amene kumudzi amamudandaula kuti watha nkhuku. Anthu atayamba kulima ndi kusunga tirigu, mbewa zinalondola nkhokwe, vumbwe n'kulondola mbewa, ubale n'kuyambira pomwepo. Pa chilumba cha Cyprus akatswiri ofukula zakale anapeza manda a zaka pafupifupi 9,500 zapitazo mmene munthu anaikidwa moyandikana ndi mphaka. M'zaka zonsezi galu anasintha, thupi lake linazolowera kugaya zakudya za ufa, n'chifukwa chake galu wa nsima ndi madeya amalimba ndithu. Mphaka sanasinthe kwenikweni. Mukamutsegula kukamwa mupeza mano 30 obayira ndi odulira. Dzino lophwatalala lopera njere mulibe, ndipo nsagwada zake zimangokwera ndi kutsika, sizipita cham'mbali. Matumbo ake ndi aafupi, oyenera nyama imene imagayika msanga. Mu 2005 asayansi a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anasonyeza kuti mphaka samva n'komwe kutsekemera kwa shuga. Ndipo mu 2011 akatswiri a ku Netherlands atawerengetsa zimene amphaka odzisakira okha amadya, anapeza kuti pa magawo 100 a mphamvu zimene amapeza, pafupifupi 52 amachokera ku mapuloteni, 46 ku mafuta, ndipo 2 okha ndiwo ochokera ku zakudya za mtundu wa ufa. Mbale ya mkute imatembenuza chiwerengero chimenechi chadodolido.

Vuto si kuchepa kwa mapuloteni kokha. Pali zinthu zina zimene thupi la munthu ndi la galu limadzipangira, koma la mphaka silipanga zokwanira, ndipo ayenera kuzipeza zili kale m'nyama. Chodziwika kwambiri ndi taurine, amene amapezeka wambiri mu mtima, m'nsomba ndi m'nyama ya mbewa, pamene m'chimanga, m'nyemba ndi m'masamba simungamudalire. Mu 1975 ofufuza a ku Harvard anasonyeza kuti mphaka wosowa taurine maso ake amawonongeka pang'onopang'ono mpaka kuchita khungu. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Davis anapeza kuti amphaka ambiri amene ankafa ndi matenda otupa mtima ankadya zakudya zam'sitolo zokhala ndi taurine wochepa, ndipo makampani atamuwonjezera matendawo anachepa kwambiri. Taonani, awa anali amphaka a ku America, okhuta m'mawa ndi madzulo. Vitamini A nayenso chimodzimodzi: inu ndi ine timamupeza m'bonongwe, m'maungu ndi m'mango, koma mphaka ngakhale atadya zonsezi sapindula, ayenera kumupeza m'chiwindi, m'dzira kapena m'nsomba. Ife a kuno sitiyenera kudabwa kuti chimanga pachokha chili ndi malire. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala pelagra m'misasa ya m'dziko muno chifukwa chodalira ufa wa chimanga, mtedza utasowa. Ngati munthu, amene thupi lake limalandira zambiri, amadwala ndi nsima yokha, kuli bwanji mphaka?

Wina anena kuti: koma amphaka athu akhala akudya nsima kuyambira makolo, ndipo sanathe. N'zoona, sanathe. Nsima si poizoni kwa mphaka. Ufa wophika amaugaya ndithu, ndipo kachidutswa kosakaniza ndi nsomba sikalakwa. Koma chimene chinkasunga mphaka wa kumudzi si nsima ayi. Ndi mbewa za kudimba, abuluzi a pachipupa, ziwala, ngumbi za nthawi ya mvula ndi timbalame ta pankhokwe, zimene ankadya mwini wake osaona. Nsimayo inkangomukumbutsa kuti kwawo ndi pano. M'tauni muno zinthu n'zosiyana. Pamalo pamene kumudzi pakanakhala nyumba imodzi ndi munda, kuno pali mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi, bwalo losesedwa, mpanda wa njerwa ndi amphaka atatu olimbirana dzala limodzi. Zosaka n'zochepa, ndipo gawo la nsima m'mimba mwake limakula. Komanso tisamangofunsa ngati ali moyo, tifunse kuti amakhala zaka zingati. Mphaka wosamalidwa amafika zaka 12 mpaka 15, ena kupitirira. Aliyense wa inu awerenge chamumtima amphaka amene adutsa pakhomo pake, aone kuti ndi angati anakalamba. Timati anasowa, anathawa, anamulodza. Ambiri anafooka kaye, ndiyeno chifuwa, galu kapena galimoto n'kudzangomalizitsa.

Msuzi umene timanyikamo mkutewo uli ndi mlandu wakewake. Ndiwo zathu timaziyamba ndi anyezi, ena n'kuthirako adyo, ndipo ziwiri zonsezi, zaziwisi kapena zophika, zimawononga magazi a mphaka. Safa tsiku lomwelo; amayamba ulesi, nkhama zake n'kuyera, kupuma n'kumafulumira. Mchere umene umakoma pa lilime lathu ndi wambiri kwa nyama ya makilogalamu 3. Mkaka, umene ambiri amati ndiye chakudya cha mphaka, umatsegula m'mimba amphaka akuluakulu ambiri, chifukwa akasiya kuyamwa thupi limachepetsa mphamvu yogayira shuga wa mumkaka. Ndipo popeza tafika pa zimene timamupatsa mwachikondi, ndinene chimodzi chimene chapha amphaka ambiri padziko lonse: Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kuthana ndi paracetamol, ndipo piritsi limodzi la munthu wamkulu limatha kumupha. Mphaka akadwala musamutsegulire kabokosi ka mankhwala a ana.

Tsopano tifike pa chikhulupiriro chimene chili pamtima pa nkhani yonse, chija chakuti mphaka mukamudyetsa sagwira makoswe, ndiye mum'siye ndi njala kuti agwire ntchito. Chimamveka chanzeru, koma tiwerengetse. Mphaka wa makilogalamu 3 kapena 4 amafuna makalori pafupifupi 200 patsiku. Mbewa imodzi ili ndi makalori pafupifupi 30. Ndiye kuti wodalira kusaka kokha agwire mbewa 7 kapena 8 tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, ndipo si kulumpha kulikonse kumene kumagwira. Nyumba yanu ilibe mbewa zochuluka chotero, ndipo ikanakhala nazo mukanasamuka. Choncho mphaka wanjala sakhala m'chipinda cha chimanga kudikira. Amapita kumene kuli chakudya chosavuta, kudzala, kumsika, ku anapiye a aneba, pa poto wa ndiwo wosavundikira. Mkangano wa anapiye uja umene umafika kwa amfumu kawirikawiri umayambira m'mbale yopanda kanthu. Kusaka kwa mphaka sikudikira njala. Mu 1976 wasayansi Robert Adamec anayesa izi: amphaka ali mkati modya chakudya, iye n'kutulutsa khoswe. Amphakawo ankasiya mbale, kupha khosweyo, kumukokera pafupi, n'kubwerera ku chakudya chawo. Kale mu 1953 Charles Elton wa ku Oxford, atafufuza za makoswe m'mafamu a ku England, anaona kuti amphaka ankaletsa makoswe kubwerera m'nyumba zimene anali atachotsedwamo, ndipo ankalimbikitsa kuwapatsako chakudya kuti asachoke pafamupo.

Pano sindibisa umboni umene ukuoneka ngati ukunditsutsa. Mu 2021 ofufuza a ku yunivesite ya Exeter anapeza kuti amphaka opatsidwa chakudya cha nyama yambiri anachepetsa nyama zimene ankabwera nazo kunyumba ndi magawo 36 pa 100. Ndiye kuti okhulupirira za njala aja sananamiretu: mphaka wodya bwino amapha zocheperako. Koma funso ndi lakuti, kodi timamusungira chiyani, kuti tiziwerenga mitembo ya makoswe kapena kuti chimanga chisadyedwe? Ziwirizi si chinthu chimodzi. Ku Brooklyn, mumzinda wa New York, ofufuza anaika makamera pa malo osonkhanitsira zinyalala pamene panali amphaka ndi makoswe akuluakulu, ndipo m'masiku 79 amphakawo anapha makoswe awiri okha. Koma amphaka akamaonekera kwambiri, makoswe ankabisala. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Eswatini, kafukufuku wa Themb'alilahlwa Mahlaba ndi anzake amene anasindikizidwa mu 2017 anayang'ana makomo 40 a kumudzi, ndipo anapeza kuti pamene panali mphaka ndi galu pamodzi, makoswe ankaopa kudya momasuka. Ntchito yaikulu ya mphaka ndi kukhalapo: fungo lake pa matumba, kuyendayenda kwake usiku. Wophako pang'ono koma wogona pa matumba anu usiku uliwonse akukupindulirani kuposa mlenje woopsa amene amagona kumsika. Ndipo khoswe wamkulu wa m'ngalande amafuna mphaka wamphamvu. Wowonda amangomuyang'ana n'kutembenuka.

Nanga ndalama? Apa ndi pamene funso la poyamba lija likufuna yankho. Palibe amene akunena kuti mulande mwana nsomba kuti mupatse mphaka, kapena kuti mukagule matumba a Whiskas, amene amachokera kunja ndipo anakwera mtengo limodzi ndi zonse zakunja kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mphaka ndi nyama yaing'ono ndipo chimene amafuna n'chochepa. Dzira limodzi lowiritsa lili ndi makalori oposa 70, gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene amafuna patsiku. Pansi pa dengu la wogulitsa usipa kapena bonya pamatsala timitu ndi tizidutswa timene ogula safuna. Kubutchala kuli mapapo, mtima ndi tinyama ta m'mbali mwa mafupa. Amene amapha nkhuku zogulitsa amakhala ndi mitima, nthutumba ndi matumbo. Kwa mphaka amene amasakanso, kadzanja ka usipa wowiritsa m'mawa ndi kena madzulo, masiku ena n'kusinthako ndi dzira kapena zam'kati, n'kosiyana kutali ndi mkute wokha. Kachitidwe kake n'kosavuta: mukatsuka usipa wa ndiwo, tapaniko pang'ono musanakazinge, muwiritse m'madzi opanda mchere, muphwanye ndi supuni, ndipo ngati mukufuna kuti uchuluke sakanizani ndi kachidutswa ka nsima, nsombayo ikhale yambiri kuposa nsimayo. Ikani mbaleyo pamene mukufuna kuti mphakayo azikhala, pafupi ndi matumba, osati kuseri kwa bafa. Yerekezani mtengo wa zimenezi ndi wa thumba limodzi la makilogalamu 50 limene makoswe aliboola, kulidya ndi kulikodzera. Ndipo ngati pakhomo zavutadi moti ngakhale timitu ta usipa sitingapezeke, chilungamo n'chakuti musatenge mphaka chaka chimenecho. Gulani msampha, umene sufuna kudya.

Koma nyama ndi nsomba nazonso zili ndi misampha yake, ndipo okonda amphaka ambiri amagweramo. Nsomba zambiri za m'madzi opanda mchere, makamaka za m'banja limene muli usipa ndi matemba, zikakhala zaziwisi zimatha kukhala ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1. Mphaka wodya nsomba zotere zosaphika tsiku ndi tsiku amayamba kudzandira, khosi n'kupindikira pansi, mwina n'kumakomoka. Kuwiritsa kumathetsa vutoli, ndipo nsomba zouma zothira mchere muziyambe mwaziviika n'kutaya madziwo. Chiwindi n'chabwino, koma kachidutswa kamodzi kapena kawiri pa sabata. Chikachuluka vitamini A amaunjikana ndipo mafupa a khosi amauma mpaka mphaka kulephera kudzinyambita. Mnofu wokhawokha wopanda fupa ulibe kashiamu wokwanira, ndipo ana amphaka oleredwa ndi mnofu wokha miyendo yawo imapindika. Pamenepa usipa uli ndi mwayi, popeza umadyedwa ndi minga yake yomwe. Apo ayi, chikamba cha dzira chowiritsa, choumitsa ndi kusinja bwinobwino, kachitsine kokha, chimathandiza. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, amasweka mosongoka. Mbewa imene vumbwe ankadya inali ndi zonse pamodzi, mnofu, fupa, chiwindi, mtima ndi madzi, ndipo kusinthasintha zakudya ndiyo njira yathu yoyandikira pamenepo. Madziwo musawaiwale. Mphaka anachokera kumalo ouma ndipo ludzu salimva msanga. Nyama yaiwisi imakhala ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100, pamene chakudya chouma cham'sitolo chili ndi 10 okha. M'mwezi wa October kambale ka madzi oyera kasamaume.

Mudziwa bwanji kuti zimene mukumupatsa zikukwana? Sikelo imathandiza, ndipo ija yopachika ya ogulitsa nyemba ikhoza kugwira ntchito mphaka ataikidwa m'thumba lolowa mpweya kwa kamphindi. Amphaka ambiri akuluakulu amalemera makilogalamu 3 mpaka 5. Koma misinkhu imasiyana, ndiye madotolo a ziweto amadalira kwambiri manja ndi maso, pa muyezo wa 1 mpaka 9 pamene 5 ndiye pabwino. Mphakayo ataima, yalani zala zanu m'mbali mwa chifuwa chake n'kusisita mopepuka kulowera kumchira. Kuti mudziwe chimene mukufuna kumva, gwiritsani ntchito dzanja lanu lomwe. Mukafumbata chibakera n'kusisita pa mfundo za zala, mafupa ali tolotolo: umo ndi mmene nthiti za mphaka wowonda zimamvekera. Mukatambasula dzanja n'kusisita kuseri kwake, mafupa akumveka koma akutidwa pang'ono: apo ndiye poyenera. Mukatembenuza n'kusisita m'chikhatho m'munsi mwa zala, mpaka mukanikize kuti mupeze fupa: ameneyo wanenepa. Kenako muyang'aneni kuchokera pamwamba. Kuseri kwa nthiti kuzioneka chiuno cholowa pang'ono. Ngati mafupa a m'chiuno ndi a msana atulukira moti mukhoza kuwawerenga ndi maso, wawonda. Ngati chiuno chasowa, msana uli tandale, wapitirira. Ubweya umanyenga, n'chifukwa chake kuyang'ana kokha sikukwanira. Chitani zimenezi kamodzi pamwezi, tsiku lolipira lendi likhale lokukumbutsani.

Pali mphaka wina amene amadya bwino koma osanenepa, mimba yokha ili tuu, ubweya uli nyankhalala. Musafulumire kuwonjezera chakudya, mwina mukudyetsa njoka zam'mimba. Mphaka wosaka amazitenga kwa makoswe amene amadya, zina amazitenga akameza utitiri podzinyambita, ndipo ana amazitenga mumkaka wa mayi wawo. Mukaona tizinthu tooneka toyera pansi pa mchira kapena pamene amagona, ndi zimenezo. Mphaka wotere amafunika mankhwala a njoka pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ochokera kwa alangizi a ziweto kapena dotolo, oyezedwa molingana ndi kulemera kwake. Mankhwala a nkhupakupa a galu kapena a ng'ombe musamuthire, chifukwa ena, monga okhala ndi permethrin, amapha mphaka. Chinanso chowondetsa ndi uchembere. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6, bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo akhoza kubereka kawiri kapena katatu pachaka. Poyamwitsa amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu. Mwana amabadwa wolemera magalamu pafupifupi 100 ndipo amayenera kuwonjezera pafupifupi magalamu 100 sabata iliyonse. Zonsezo zimachokera m'thupi la mayi. Mankhwala a uchembere wotere ndi opaleshoni yotseka kubereka, ndipo wamwamuna kumufula, zimene zimachepetsanso kuyendayenda ndi ndewu. Bungwe la LSPCA, limene lakhala likugwira ntchito mu Lilongwe kuyambira 2008, limachita maopaleshoni otere ndi kupereka katemera wa chiwewe, ndipo ku LUANAR tsopano akuphunzitsa madotolo a ziweto a konkuno. Katemera wa chiwewe si wa agalu okha. Mphaka nayenso amadwala chiwewe ndipo akhoza kupatsira mwana amene amasewera naye.

Tsopano mbali inayo, ya kunenepa, imene ena muganiza kuti ndi ya ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 kokha. Kumayiko olemera yafika poipa: ku United States kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti amphaka 61 pa 100 aliwonse oonedwa ndi madotolo anali onenepa mopitirira. Koma kunenepa sikufunsa adiresi. Mphaka wa pabutchala, wa pachiwaya amene amaponyeredwa zikopa za nkhuku ndi mafuta tsiku lonse, wa m'nyumba ya mpanda amene satuluka ndipo mbale yake ya chakudya chouma siphwa, onsewa alipo konkuno. Ndipo ife tili ndi vuto lapadera, chifukwa kwathu kuno kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira. Mlendo akaona mphaka wamimba yolendewera amati pakhomo pano pali ufulu, mwini wake n'kumwetulira. Koma kilogalamu imodzi yowonjezera pa mphaka wa makilogalamu 4 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake lonse. Mphaka wonenepa kwambiri amadwala matenda a shuga mowirikiza pafupifupi kanayi kuposa wa thupi loyenera, mfundo za miyendo zimamupweteka, njira ya mkodzo imavuta, ndipo salumphanso kufika pa mtanda wa denga pamene khoswe amadutsa. Wofulidwa kapena wotsekedwa ndiye ayang'aniridwe kwambiri, chifukwa opaleshoni ikachitika chilakolako cha kudya chimakwera pamene zimene thupi limafuna zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Ena amatenga izi ngati chifukwa chokanira opaleshoni. Chonenepetsa si mpeni wa dotolo ayi, ndi mbale imene sinachepetsedwe.

Kuchepetsako kumafuna kuleza mtima, ndipo pano pali ngozi imene ambiri saidziwa. Mphaka wonenepa akamanidwa chakudya mwadzidzidzi, kapena akasiya yekha kudya kwa masiku angapo, mafuta a m'thupi amathamangira kuchiwindi n'kuchidzaza, maso ndi nkhama n'kuchita chikasu, ndipo akhoza kufa. Choncho njala si mankhwala a kunenepa. Chotsani pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene amadya, muone pakatha masabata awiri. Kutsika koyenera ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100 la kulemera kwake pa sabata, kutanthauza magalamu 60 okha kwa mphaka wa makilogalamu 6, ndipo ulendo wonse umatenga miyezi. Yezani chakudya cha tsiku lonse m'mawa ndi kapu imodzi yomweyo, muchigawe katatu kapena kanayi, popeza mwachibadwa mphaka amadya pang'onopang'ono kambirimbiri. Mwana amukokere chingwe chomangirira nthenga ya nkhuku kwa mphindi 5 kapena 10 madzulo. Adzalira, adzakuzungulirani m'miyendo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja. Amphaka akuluakulu salirirana kawirikawiri okhaokha; kulira kuja amasungira anthu, ndipo amaphunzira msanga kuti kumatsegulitsa poto. Koma mphaka amene wayamba kuwonda popanda inu kusintha kanthu, makamaka wachikulire amene akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, ameneyo musamuyamikire kuti wachepa thupi. Impso, shuga kapena mano zikhoza kukhala zitavuta, ndipo akaonedwe ndi dotolo.

Chotsala ndi cha ife okhala m'midadada. Mphaka wa pa mdadada amakhala wa aliyense, ndipo mapeto ake amakhala awiri: mwina khomo lililonse limaganiza kuti lina lamupatsa, iye n'kugona ndi njala, mwina makomo onse asanu ndi limodzi amamupatsa, iye n'kusanduka mtolo. Gwirizanani kuti womudyetsa ndi mmodzi, ena azipereka timitu ta nsomba kwa ameneyo. Gwirizananinso za mankhwala a makoswe, makamaka aja ambiri amawatcha tameki, amene ndi poizoni woopsa kwa ziweto ndi anthu omwe. Khoswe amene wadya poizoni amayenda mozandima poyera, ndipo ndiye woyamba kugwidwa ndi mphaka. Nyambo yoikidwa pa kachidutswa ka usipa imakopa mphaka kuposa khoswe, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse. Pa bwalo limodzi simungasunge mphaka ndi tameki nthawi imodzi. Ngati wina waumirira kuthira, auze anzake tsiku lake, mphaka atsekeredwe m'nyumba ndi chakudya ndi madzi, nyambo yotsala ichotsedwe m'mawa, ndipo makoswe akufa atoledwe ndi fosholo n'kukwiriridwa mozama mphakayo asanatulutsidwe.